Nkhanga zidapangana kusanapse

Chipatala cha boma kuno ku Malawi n'chaulere, ndipo amene amanena zimenezi sanama. Ukafika pa zenera sakufunsa ndalama yoonera dokotala, sakuwerengera masiku amene wagona pa bedi. Maiko ambiri a mu Africa muno adayamba kulipiritsa odwala m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, koma kwathu kuno mwambo wa chaulere udapirira. Ndi chinthu choyenera kuchisunga ndi manja awiri.

Koma kafunseni mayi amene mwana wake watentha thupi pakati pa usiku, mwezi wa February, mvula ili pakati, kuti chaulerecho chimayambira pati. Adzakuuzani kuti chimayambira pa geti. Kuchoka pakhomo pake kukafika pa getipo ndi nkhani ya thumba lake. Wa kabaza wa njinga yamoto amatchula mtengo atayang'ana mdima, matope ndi nkhope ya wopemphayo, ndipo akaona kuti zavuta mtengo umakwera. Mnyamatayo sindim'da, nayenso petulo amagula wa m'zigubu. Komatu mwezi umenewo nkhokwe ili pululu, ndalama idapita ku feteleza, fodya sanapite ku okushoni. Ndiye mayi uja amati tidikire kuche. Kukacha amati tiyambe tam'patsa panado wa pa okala. Ophunzira amati umenewo ndi umbuli, koma mayiyo wawerengera bwinobwino zimene ali nazo m'chitenje, zapezeka kuti sizikwana. Tsiku lachitatu mwana wayamba kukomoka, magazi achepa, ndipo pamenepo mbuzi imagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku. Zengerezu adalinda kwawukwawu, inde, koma Zengerezu ameneyu ndi umphawi umene wam'khazika pansi.

Wodwala sagonekedwa yekha. Pamafunika gadiyani, ndipo kawirikawiri amakhala mayi, mlongo kapena gogo. Amanyamula ufa, mphika, beseni ndi kamtolo ka nkhuni, n'kumakaphika pa mafuwa kuseri kwa mpanda, usiku n'kuyala chitenje pa simenti. Masiku amene iye ali kumeneko, kumunda udzu sudikira. Matenda akakula, wodwala amatumizidwa ku boma, ndipo a ku boma akalephera amam'tumiza ku chipatala chachikulu. Zoterozo zilipo zinayi m'dziko lonse lino: Gulupu ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, cha ku Zomba ndi cha ku Mzuzu. Ambulansi ikakhala ndi mafuta imakuperekani. Pobwerera mudzaona nokha.

Ndiye pali kapepala kaja. Mwafola kuyambira tambala woyamba, mwaonana ndi adokotala dzuwa lili pamutu, mwafika pa zenera la mankhwala, wopereka mankhwala n'kulemba dzina pa kapepala: atha, mukagule ku famase. Kumudzi famase ili kuti? Zifukwa zake zina n'zomveka. Mankhwala ambiri timagula kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yomwe ija idayamba kugula mabokosi ochepa. Zifukwa zina n'zochititsa manyazi. Mankhwala olembedwa chizindikiro cha boma amapezeka atayalidwa pa msika, pambali pa sopo ndi machesi, padzuwa. Sadayende okha. Amene adawatulutsa ndi mwana wa m'mudzi momwemo, amene tonse timam'dziwa, yemwenso tidzam'fune mawa tikadwala. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Timangong'ung'udza pansipansi, ena mwa ife n'kukagula mankhwala omwewo.

Musandiyese nkhalamba yongodandaula. Ife amene tidaona zipsera za nthomba pa nkhope za anthu, amene tidaona chikuku chikusesa ana m'mudzi mwezi umodzi, tikudziwa kuti zinthu zidasintha. Kafukufuku wa boma wa mu 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Wa mu 2015 ndi 2016 adapeza 63. Amayi omwalira chifukwa cha uchembere adali 984 mwa 100,000 alionse obereka mu 2004, ndipo pofika 2016 adali 439. Akadali ambiri, koma amene adakumbapo timanda ting'onoting'ono tambiri amadziwa kulemera kwa manambala amenewa.

Tsono chidapulumutsa ana amenewa n'chiyani? Nyumba zosanja za m'tauni zidathandiza pang'ono chabe. Ntchito yaikulu idagwiridwa pansi pa mtengo, pamene sikelo imapachikidwa pa nthambi. Adaigwira ndi katemera, neti yogonamo, ndi mlangizi wa zaumoyo pa njinga yake yakapalasa. Alangizi amenewa adayamba ngati obaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, kenako n'kukhala olimbana ndi kolera m'zaka za m'ma 1970. Kuyambira 2008 ena mwa iwo adapatsidwa bokosi la mankhwala kuti azithandiza ana osakwana zaka zisanu m'midzi yovuta kufikako.

Kaoneni mmene amagwirira ntchito. Mayi wakhala pa mphasa, mwana ali pamiyendo. Mlangizi amagwira kachala ka mwanayo, kukapukuta, kukabaya, n'kudonthetsera magazi pa kachipangizo koyezera malungo. Podikira kuti mizere ioneke, amavundukula malaya a mwanayo, maso pa chifuwa, kuwerenga kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu, kuti adziwe ngati chili chibayo. Mizere ikatuluka iwiri, amatulutsa mankhwala a malungo a LA, n'kumwetsa mwanayo mapiritsi oyamba pomwepo, mayi akuona. Wotsekula m'mimba amapatsidwa Thanzi ndi zinki. Amene wafooka kwambiri amam'lembera kalata yopita nayo kuchipatala. Zonsezi mayiyo wafikako wapansi, mwana ali kumbuyo, ndipo masana ali kumunda kwake. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Makina a mamiliyoni amene ali ku Lilongwe ndi fodya wapachala kwa munthu wa kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Koma bokosi lija likakhala lopanda kanthu, kapena mlangizi akamakhala pa tauni chifukwa m'mudzi mulibe nyumba yoti agonemo, zonse zija zathera pomwepo. Ndikadakhala wogawa ndalama za boma, ndikadayamba ndi bokosilo ndi nyumba ya mlangiziyo, mwala wa maziko wa chipatala chatsopano n'kudzaika pambuyo. Koma bokosi silidulidwa riboni, n'chifukwa chake andale saliona.

M'madera ena chipatala chapafupi ndi cha mishoni: Nkhoma, Ekwendeni, St Luke's ku Malosa, Mlambe ku Lunzu, Mulanje Mission ndi zina zambiri za pansi pa CHAM, zimene zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse m'dziko muno. Zimenezi zimalipiritsa, chifukwa popanda kutero zingatseke. Kuyambira 2006 boma lidayamba kupangana nazo kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere, boma lidzalipire pambuyo. Nzeru yabwino zedi. Koma boma likachedwa kubweza ngongoleyo, ena amaimitsa panganolo, ndipo mayi wapakati amadutsa pa geti la chipatala chimene akuchiona ndi maso, kupita ku china chakutali.

Tisabisane za mwini ndalama. Ma ARV adayamba kuperekedwa ulere mu 2004 ndi thandizo la Global Fund, ndipo anthu amene tidawalira ali moyo adadzuka n'kubwerera kumunda. Mu 2011 dziko lino lidatsogola pa dziko lonse lapansi poyamba kupereka mankhwalawa kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo. Mu 2019 katemera wa malungo adayambira kuno, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Timanyadira, ndipo n'zoyenera. Koma ndalama zoposa theka za zaumoyo zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, ogwira ntchito ambiri a m'mabungwe adauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo omwa mankhwala tsiku ndi tsiku adagona ndi mantha. Mlendo ndi mame. Atsogoleri a mu Africa adalonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, koma zaka zambiri ife sitifikapo. Amene amapanga bajetiyo akadwala amakwera ndege kupita ku India kapena ku South Africa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iwowo m'mimba mwawo muli zii.

Zimenezo n'za boma, ndipo tizilikumbutsa osatopa. Koma pali china chimene chili m'manja mwathu, ndipo n'chimene chimandisowetsa tulo.

Munthu akamwalira m'mudzi, uthenga umafika kwa amfumu nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Kusanache anyamata agawana njira zokanena zovuta. Amayi akubwera ndi mbale za ufa pamutu, wina nkhuni, wina ndiwo. Adzukulu anyamula makasu. Pakhomo pakhala munthu ndi kope, kulemba dzina ndi ndalama ya chipepeso, ndipo amene sadapereke amadziwika. Ampingo abwera ndi nsalu, a ku tauni atumiza pa foni. Thupi likakhala kuti lili ku chipatala chachikulu, galimoto imapezeka tsiku lomwelo, ngakhale mtengo wake ukhale wa ng'ombe. Palibe boma limene lidatiphunzitsa zimenezi, palibe bungwe lakunja limene lidatichititsa maphunziro. Ndi dongosolo lathu, ndipo silinaphonyepo.

Koma munthu yemweyo, sabata ziwiri m'mbuyomo, adali chigonere m'nyumba, akusowa ndalama ya kabaza. Tinkapita kukam'zonda, kukhala pa khonde, kunena kuti pepani, Mulungu akhudze, n'kubwerera kwathu. Pepani sapoletsa chilonda. Ndalama imene idasonkhedwa tsiku la maliro ikadatha kum'pititsa kuchipatala kangapo, iye ndi gadiyani wake, n'kutsalako ya mankhwala a pa kapepala kaja. Timati matenda ndi a banja, maliro ndi a mudzi. Adagawa chonchi ndani? Mwina kale kudali koyenera, pamene wodwala ankangofuna mizu ya kuthengo ndi phala. Lero kuchira kumafuna ulendo, ndipo ulendo umafuna ndalama ya m'manja usiku womwewo.

Ku Rwanda adaitenga nzeru yosonkherana imeneyi n'kuiika m'malamulo. Banja lililonse limapereka kangachepe pachaka ku thumba lotchedwa mutuelle de santé, osaukitsitsa boma limawalipirira, ndipo wodwala akafika kuchipatala amangopereka kochepa. Sindikuti titengere zonse, ndipo amene akufuna kuika mtengo pa geti la chipatala cha boma ndikutsutsana naye, chifukwa woyamba kubwerera pa getipo adzakhala mayi uja wa mu February. Chimene ndikunena n'chaching'ono kuposa pamenepo. Tili kale ndi banki m'khonde pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo magulu ambiri ali ndi kathumba ka ngozi. Kathumba kameneko kakule, kakhale ka mudzi wonse, ntchito yake ikhale imodzi: kunyamula wodwala. Kusonkha kuchitike pokolola, chimanga chili m'nkhokwe, mtedza uli pa msika. Amfumu aitane anyamata a kabaza masana, anthu onse ali pabwalo, apangane mtengo wa usiku ndi wa nthawi ya mvula, ulembedwe m'kope, nambala zawo za foni zikhale kwa mlangizi ndi kwa amayi a komiti. Nkhanga zidapangana kusanapse. Mtengo wokambirana mwana akukomoka si mtengo.

Mafumu mphamvu ali nazo. Boma litaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, mafumu ambiri adaika malamulo oti wochilira pakhomo alipe mbuzi kapena ndalama, ndipo anthu adamvera. Ine lamulo lolipitsa mayi amene wachilira panjira, chifukwa choti ngolo idachedwa, silidandikomere konse. Koma lidaonetsa kuti mawu a pabwalo amamveka. Ngati mfumu ingathe kulamula chindapusa cha wochedwa, ingathenso kulamula chopereka choti asachedwe.

Zovuta zake ndikuzidziwa, musandiuze. Ndalama ya gulu ili ndi miyendo. Bokosi likhale ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu a mabanja osiyana, ndipo liziwerengedwa poyera mwezi ndi mwezi monga amachitira amayi a banki m'khonde. Kwacha yosungidwa mu June imafika mu February itaonda, choncho gawo lina lisungidwe m'matumba a chimanga, amene mtengo wake umakwera nthawi yomwe malungo amachuluka. Adzapezeka wina wofuna kubwereka ndalamayo kuti agule feteleza, mawa abweza. Ameneyo akanidwe, ngakhale akhale mphwake wa amfumu. Ndipo adzapezeka gogo wolera ana amasiye amene sadasonkhe ngakhale chitini chimodzi. Mdzukulu wake akatentha thupi usiku, njinga ipite kukam'tenga, za kope zidzakambidwe pabwalo mwanayo atabwerako.