Kodi Kusamalira Dziko Pamodzi Ndi Msampha?

Akhristu ena kuno ku Tsangano amada nkhawa akamva za pangano la zanyengo limene mayiko anachita ku Paris mu 2015. Amaopa kuti anthu ayamba kulambira chilengedwe m'malo mwa Mlengi, ndipo amakumbukira chilombo cha pa Chivumbulutso 13 cholamulira mitundu yonse. Tisawaseke: ulamuliro wopanda woudzudzula umaponderezadi.

Komabe namondwe Freddy mu 2023 sanaime pa malire a Mozambique. Phiri likatha mitengo, dothi la kachewere limakokoloka, kaya mlimiyo amapemphera mpingo uti. Mutu umodzi susenza denga.

Choncho funso lenileni nali: mayiko akamapangana, kodi mlimi wa kabichi amamvedwa? Tikambirane: mgwirizano umasiyana bwanji ndi kuponderezana?