Ciphuphu ca m'Filimu ndi Ciphuphu Cathu

Kodi munakhalapo m'kanyumba ka vidiyo pa msika, kapena kuunjikana asanu pa foni imodzi, ndi kuona momwe anyamata amakwiyira munthu woipa wa m'filimu? Kalaliki akamazunza nkhalamba, wina atukwana, wina amenya mpando. Mkwiyo umenewo ndi wabwino. Koma tiyeni tidzifunse: kodi umapita kuti filimu ikatha?

Ku India, m'cigawo ca Karnataka, anthu amalankhula cinenero ca Kannada, ndipo ali ndi mafilimu awoawo. Mu 1987 kunatuluka filimu ya Girish Kasaravalli yochedwa Tabarana Kathe, ndiko kuti nkhani ya Tabara. Tabara ndi mkulu wosauka amene anagwira nchito ya boma zaka zambiri. Atapuma, ayamba kulondola ndalama zace za penshoni. Mapepala ace acoka pa tebulo ili kupita pa tebulo lina, ofesi iyi imtumiza ku ofesi ina. Kunyumba mkazi wace adwala matenda a shuga, ndipo cilonda ca pa phazi cikulirakulira. Ndalama zija zifika maiyo atamwalira kale. Palibe amene anammenya Tabara. Aliyense anangocita kanthu kakang'ono, kumcedwetsa tsiku limodzi.

Filimu ina ya Kannada, Act 1978, ya Mansore, inatuluka mu 2020. Iyo imaonetsa poyera cimene cimabisala kuseri kwa mau akuti "bwerani mawa". Geetha, mai wamasiye wapakati, alondola ndalama zimene boma linamlonjeza, koma a m'maofesi afuna ciphuphu. Atatopa, adzimangirira bomba m'thupi ndi kuwatsekera onse mu ofesi. Nafenso kuno kwathu, Rungano Nyoni mu 2017 anationetsa Bambo Banda mu filimu ya I Am Not a Witch: munthu wa boma amene asandutsa kamtsikana kamasiye kukhala munda wace wokololamo ndalama.

Ife a ku Pembamoyo nkhani zotere sitifunika womasulira. Tidziwa kutalika kwa ulendo wa nkhalamba imene inyamuka mbandakuca kupita ku boma, kenaka ku Chipata, mwinanso mpaka ku Lusaka, pepala liri m'thumba la pulasitiki. N'cifukwa cace poonera filimu tonse timakhala ku mbali ya Tabara. Palibe amene amadziona m'nkhope ya kalaliki.

Apa ndipo pali msampha. Taganizani tsiku logulitsa cimanga. Mzere ndi wautali, dzuwa laswa mtengo. Inu mupita kumbali, mupatsa wa pa sikelo "ya dirinki", ndipo matumba anu apimidwa msanga. Mubwerera kunyumba mukuti mwacenjera. Koma malo amene mwagulawo sanagwe kumwamba. Anali a munthu wina, ndipo kawirikawiri ndi mai uja amene analibe kanthu m'citenje. Cangu canu ndico kucedwa kwace. Coipa ciposa apo: mwaphunzitsa wa pa sikelo kuti kucedwetsa anthu kuli ndi phindu. Mawa adzacedwetsa dala, kuti manja ena atambasuke. Motero "bwerani mawa" amene anapha mkazi wa Tabara amaleredwa ndi anthu abwinobwino onga inu ndi ine. Akulu anati anyani amasekana zikundu.

Mwina mudzati, "Nanga amai anga akadwala, ndipo wina akana kuthandiza kufikira nditampatsa kanthu, ndiwaleke afe?" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindifuna kuliyankha mopepusa. Munthu wopanikizidwa motere ndi woberedwa, ndipo mlandu waukulu uli pa uyo wotambasula dzanja. Koma tinene zoona. Ziphuphu zathu zambiri sizikhala za moyo ndi imfa. Ndi citumbuwa copatsa kapitao wa kalasi kuti afute dzina lathu pa pepala la ocita phokoso. Ndi ndalama yosonkha kuti tione mafunso a mayeso asanafike. Ndi kucepetsa zaka kuti tilowe m'timu ya mpira. Pamenepo sitiri oberedwa ai. Ndife ogula cinthu ca mnzathu iye osadziwa.

Mneneri Natani anadziwa mphamvu ya nkhani. Pa 2 Samueli 12 anasimbira mfumu Davide za munthu wolemera amene analanda kankhosa kamodzi kokha ka mmphawi. Davide anapsa mtima kwambiri, monga momwe ife timacitira m'kanyumba ka vidiyo. Pamenepo Natani anamuuza kuti wolandayo anali iye mwini. Ukulu wa Davide unaoneka pakuti sanatseke makutu. Filimu yabwino imagwira nchito ya Natani, koma mbali ya Davide imatsalira woonera.

Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loletsa ziphuphu mu 1980, ndipo pa lamulo limenelo panabadwa bungwe la Anti-Corruption Commission. Papita zaka zoposa 40. Bungwe lingathe kugwira akuba akuluakulu, koma silingakhale pa sikelo iriyonse ndi pa tebulo liri lonse. Pamenepo pamakhala munthu ndi cikumbumtima cace basi.

Inu amene muwerenga izi, zaka khumi zikubwerazi ena mudzakhala anamwino, apolisi, aphunzitsi, alembi a kopaletivu. Tsiku lina nkhalamba idzaima patsogolo panu ndi pepala m'thumba la pulasitiki, itayenda kucokera ku Pembamoyo. Cimene mudzacite tsiku limenelo mukuciphunzira lero, pa citumbuwa ndi pa mzere wa cimanga. Yambani sabata ino: imani pa malo anu mu mzere, ngakhale wina akukodoleni.