Zipani zikagwirana manja, funsani pepala

Ana anga a kuno kwa Chamama, mukamva pa wailesi kuti zipani zagwirizana kuyendetsa boma limodzi, musathamangire kululutira. Yambani mwafunsa kuti apangana chiyani, nanga pepala lake lili kuti.

Mu 1994 Nyumba ya Malamulo inali ndi mipando 177. UDF inapeza 85, Kongeresi 56, AFORD 36. A Bakili Muluzi a UDF anali atapambana upulezidenti, koma aphungu awo sanafike theka, choncho paokha sakanadutsitsa bajeti. AFORD inayamba yatsamira kwa Kongeresi, kenako chaka chomwecho inalowa m'boma, mtsogoleri wake a Chakufwa Chihana n'kuwakonzera mpando watsopano wa wachiwiri kwa wachiwiri wa pulezidenti. Mu 1996 iwo anatula pansi udindowo, koma nduna zina za chipani chawo zinakana kutuluka, AFORD n'kung'ambika.

Musandimve molakwa, kugwirizana si tchimo. Ife a ku Kasungu timavotera kwathu, a ku Rumphi kwawo, a ku Machinga kwawonso, ndiye sizachilendo kuti m'Nyumbamo musapezeke chipani chokwanira pachokha. Ndipo boma likasowa aphungu, wopwetekeka ndi mlimi. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005, mkangano wa Gawo 65 la malamulo a dziko, lonena za aphungu osintha chipani, unakula mpaka kuchedwetsa bajeti ya 2007, ife kuno mitima ili m'mwamba poganiza za makuponi a feteleza.

Chimene chimandiwawa ndi pangano lobisa. Nonse munamuonapo tenanti amene anapangana ndi mwini esiteti pakamwa pokha. Wathirira nazale, wawokera, wathyola, wasoka, wayanika m'chigafa, wadinda mabelo. Fodya akagulidwa ku Chinkhoma, bwana amatsegula kabuku kake: chimanga munatenga chakuti, feteleza wakuti, mchere wakuti. Tenanti atsutsa ndi chiyani, poti m'manja alibe kanthu? Wovota wosaona pangano ali chimodzimodzi.

Pa 23 Juni 2020 anthu anavotera Tonse, mgwirizano wa zipani 9, asanawerenge zimene a Lazarus Chakwera a Kongeresi ndi a Saulos Chilima a UTM anasainirana. Mu Julayi 2022 a Chilima ananena poyera kuti anagwirizana zosinthana utsogoleri, a Kongeresi n'kutsutsa, ovota n'kusowa pogwira. A Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa mu Juni 2024, UTM inatuluka.

Tsono phungu akabwera kudzachititsa msonkhano pamsika pano, musangolandira nsalu ndi kuimba. Mmodzi wa inu aimirire, apereke ulemu, afunse kuti: "Olemekezeka, chipani chanu chagwirizana ndi anzanu aja. Kupatula maunduna, mwalemba zotani za mtengo wa fodya, za feteleza, za msewu wathu wopita ku Kasungu boma? Mukadzakangana, adzaweruza ndani?" Akayankha, inu odziwa kulemba lembani tsiku ndi mawu ake, mukasungitse kwa amfumu.