Fodya wako ndi uyo ali pamphuno

"Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo." Mlimi wa ku Kasungu amaudziwa mwambiwu: fodya ali m'munda sawerengera, matalala angamuboole usiku umodzi. Amapuma akamuona atapachikidwa m'chigafa.

Mbiri ya anthu ili chimodzimodzi. Agogo akamasimba za makolo uku akusoka fodya, nkhaniyo ili pachala. Tsiku lomwe tidzawaike m'manda, mphepo idzapita nayo.

Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, anazindikira zimenezi msanga. Buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Kenaka analemba Mbiri ya Achewa, ndiponso moyo wa mfumu Msyamboza ya ku Dowa, atafunsa anthu amene anaiona ndi maso. Onsewo anapita, koma mawu awo tikuwawerengabe.

Ifenso tili ndi akuluakulu amene anaona esiteti zikutsekulidwa, anagwirapo utenanti, akudziwa kumene mudzi unachokera. Tengani kope ndi cholembera, mukhale nawo pamkeka madzulo ano. Fodyayo mufikitseni pamphuno.