Cilankhulo ca Mlendo: Mphatso Kapena Nyambo?

Tiyeni tiganizire pamodzi funso ili. Ngati dziko lina litaya ndalama zambiri kuti inu muphunzire cilankhulo cake, kodi likupatsani mphatso, kapena likuponyerani nyambo monga acitira msodzi? Tiyeni tione citsanzo ca dziko la Italy.

Mu 1889, anthu ophunzira motsogozedwa ndi wolemba ndakatulo Giosuè Carducci anayambitsa bungwe lochedwa Società Dante Alighieri. M'zaka zimenezo Ataliyana ambirimbiri anali kuthawa umphawi kupita ku Argentina, Brazil ndi America, ndipo cimodzi mwa zolinga za bungweli cinali cakuti ana ao asaiwale cilankhulo ca makolo. Lero lili ndi nthambi m'maiko ambiri. Boma la Italy nalonso lili ndi nyumba za cikhalidwe zoposa 80 m'mizinda ya kunja, zimene ziyang'aniridwa ndi unduna woona za maiko akunja. Kumeneko amaphunzitsa Citaliyana, amaonetsa mafilimu ndi kubwereketsa mabuku. Kuyambira mu 2001, caka ciliconse mu October pamakhala sabata lapadera lokweza cilankhuloci pa dziko lonse.

Kodi Ataliyana acita zonsezi cifukwa ca cifundo cabe? Iyai. Akudziwa kuti munthu amene wakonda cilankhulo cao adzagula katundu wao, adzapita kukaceza kwao, ndipo akadzakhala nduna adzakhulupirira makampani ao. Ife a ku Zambia tikudziwa kuti nchito zotere nzazikulu, pakuti amene anamanga damu la Kariba lisanathe caka ca 1960 anali a kampani ya ku Italy ya Impresit. Koma kupindula kwa wopatsa sikucimwa. Akulu anati kupatsa nkuika. Mnansi wokubwereka khasu ayembekeza kuti mawa nawe udzamthandiza, ndipo palibe amene amuyesa wacinyengo.

Nanga coipa ciyambira pati? Mbiri ya Italy yomweyo itiyankha. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, Italy inatenga cigawo ca South Tyrol kucokera ku Austria. Anthu ambiri a kumeneko analankhula Cijeremani. Kuyambira mu 1923, boma la Benito Mussolini linayamba kucotsa Cijeremani m'masukulu ndi kusintha maina a midzi kuti akhale a Citaliyana. Makolo, ansembe ndi aphunzitsi olimba mtima anacita kuphunzitsa ana mobisa m'nyumba za anthu. Mu 1935 Mussolini yemweyo anathira nkhondo dziko la Ethiopia, ndipo mu 1937 analanda cipilala cakale ca mwala mu mzinda wa Axum, cotalika mamita 24, nakaciimika ku Rome.

Taonani bwino. Citaliyana cimene anakakamiza ana a ku South Tyrol ndico comwe wophunzira wa lero acita kulipira kuti aphunzire. Mau ndi omwewo, cosiyana ndi mtima wa wobweretsa. Conco mlendo aliyense wodza ndi cilankhulo cake, kaya ndi Mtaliyana, Mfalansa kapena Mchaina, mumuyese ndi mafunso atatu. Kodi ndili ndi ufulu wokana? Kodi akuonjezera pa zimene ndili nazo, kapena afuna nditaye zanga? Kodi nayenso avomera kuti ine ndili ndi zanga zoyenera ulemu?

Funso lacitatu ndilo lovuta kwa maiko olemera. Italy inalonjeza mu 1947 kubweza zimene inalanda ku Ethiopia, koma cipilala ca Axum cinabwerera mu 2005 cabe, pa ndege, m'zidutswa zitatu, ndipo cinaimikidwanso mu 2008. Tsiku limenelo Italy inadzipezera ulemu umene makalasi a cilankhulo pa okha sakanaupeza.

Koma mlanduwu sukhudza wopatsa yekha. Wolandira nayenso ali ndi udindo. Bungwe lija linatenga dzina la Dante Alighieri, amene anamwalira mu 1321. M'nthawi yake anthu ophunzira analemba zinthu zofunika m'Cilatini. Iye anacidziwa bwino Cilatini, koma buku lake lalikulu, Divina Commedia, analilemba m'cilankhulo ca kwao ku Florence, cimene amai analankhula pa msika. Akanacita naco manyazi, kodi Italy ikanakhala ndi ciani conyadira lero?

Tsono mwai wophunzira Citaliyana ukapezeka, musaope, phunzirani ndi mtima wonse. Koma mukaona kuti mwayamba kuseka mnzanu cifukwa walankhula Cinsenga kapena Citumbuka, kapena mwayamba kuyankha agogo anu m'Cingelezi, dziwani kuti mbedza yakola kale, ndipo palibe mlendo anakukakamizani.

Kambiranani pa gulu lanu: mlendo atakupemphani kuti mumphunzitse za kwanu, mungampatse mwambi uti, nyimbo iti ndi nthano iti?