Nyumba Ikakula, Aneba Amapita Kuti?

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino tikambeko za nyumba. Mukakwera minibasi pa Bvumbwe kulowera ku Limbe, mudzaponye maso uku ndi uku podutsa ku Chigumula. Pomwe panali minda ya chimanga pano pali mipanda italiitali, mageti achitsulo ndi nyumba zosanjikizana. Ku Mpemba ndi ku Chileka n'chimodzimodzi. Ngakhale kwathu kuno kwa Chimaliro, chitsegulireni yunivesite ya MUST ku Ndata mu 2014, puloti pa Goliati simungaipezenso pamtengo wakale. Ndiye funso langa n'lakuti: kodi kufuna nyumba yaikulu n'kulakwa?

Ine ndikuti ayi. Amene anakhalapo pa lendi akudziwa. Chipinda chimodzi, makolo ndi ana osinkhuka kugawana ndi katani, m'mawa mzere wa kuchimbudzi, mwezi ukatha alandilodi ali pakhomo. Munthu wotero akapeza ndalama, mungamuletse bwanji kumanga zipinda zisanu? Komanso pachimalawi nyumba si yako wekha. Wachibale akabwera kudzadwazika matenda ku Queens amafikira kwa iwe. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ife a mumsika tinaona mpamba ukusungunuka m'manja, pamene amene anaika ndalama mu njerwa ndi malata zake zinangokhala chilili.

Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Chinyumba chimadya tsiku lililonse: mlonda, penti, magetsi, madzi, msonkho wa kukhonsolo, ngongole ya kubanki. Zina zimaima pawindo zaka ndi zaka, simenti itakwera mtengo. Zina zimatha bwinobwino, koma ana akakula n'kupita ku Joni, mumatsala nkhalamba ziwiri zikuitanana pafoni. Usiku wina akadwala, mfuu yake siidumpha mpanda.

Izo n'za mwiniwake, anasankha yekha. Chimene chimandivuta ine ndi anthu amene sanasankhe. Wa mumzinda akagula munda, wogulitsa amasangalala miyezi ingapo, kenako ndalama yatha, polima palibe. Mawa lake akupempha ganyu yotchetcha kapinga pomwe ankakolola nandolo. Njira yachidule yopita kumjigo yatsekedwa ndi mpanda, mayi wosenza ndowa azizungulira. Eni nyumba za lendi akaona mageti achuluka, nawonso amakweza mtengo. Osauka amasamuka, ndipo amapita kumene ena akukukana: m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023, matope anakwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manje. Mukuganiza kuti anthu amenewo anakwera phiri chifukwa chokonda kamphepo? Kumunsi malo anali atadula.

Ife a ku Thyolo nkhani imeneyi si yachilendo. Kuyambira nthawi ya atsamunda, nthaka yabwino inapita ku maesiteti a tiyi, agogo athu n'kumagwira thangata kuti aloledwe kukhala pamalo. Mpaka lero munthu amadzuka n'kuona tiyi wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, iye alibe pobzala chinangwa. Timadziwa kuti chinthu chikhoza kukongola kwambiri, koma chikukufinya. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ofinya ndife tomwe, Amalawi okhaokha.

Choncho kwa ine tchimo silili pa kuchuluka kwa zipinda. Muyeso wa nyumba ndi zomwe zachitikira anthu amene munawapeza pamalopo. Kodi munagula pamtengo woyenera, kapena munapezerapo mwayi poti mwini munda anali ndi maliro kapena fizi yam'panikiza? Kodi abale ake onse anavomera? Njira munaisiya? Mlonda wanu amene amagona panja kulondera zipinda zopanda anthu, malipiro ake angakwanitse lendi pafupi pomwepo, kapena amayenda maola awiri wapansi? Zoika mpopi kunja kwa mpanda kuti aneba azitungako, munaziganizirapo?

Mangani ndithu, anzanga, nanenso ndimalakalaka yanga ya matailosi. Koma musanathire maziko, yendani kaye kuzungulira pulotiyo, muone mapazi a anthu akudutsa pati. Tsiku la zovuta, amene adzasonkhe moto pasiwa panu ndi omwewo.

Nanga kwanuko zikuyenda bwanji? Amene anagulitsa malo ali kuti lero? Tiuzeni m'munsimu.