Kodi Ntchito Yopezera pa Kudziwana Ndi Yakuba?

Pali mawu amene amamveka paliponse pamene malova akumana, kaya ndi pa bawo, m'minibasi kapena pakhomo la ofesi ya zantchito. Amati masiku ano ntchito siipezeka ndi mapepala a sukulu, imapezeka ndi kudziwana. Mawuwa amalankhulidwa modandaula, ngati mmene amalankhulira munthu woberedwa. Koma mukawalondola anthu omwewo madzulo, mudzawapeza akuimbira foni amalume awo, mnzawo wa kusukulu kapena mkulu wa mpingo, kupempha kuti akamva kanthu awakumbukire. Chimene adachidzudzula masana ndicho akuchita dzuwa litalowa. Ine sindinganene kuti anthu amenewa ndi achiphamaso. Ndikuona kuti mumtima mwawo muli funso limene sadalipezere yankho: kodi munthu amene wachotsedwa ntchito chifukwa cha kugwa kwa chuma, akapeza ina kudzera mwa anthu odziwana nawo, walakwira anzake amene alibe wowadziwa?

Funsoli limakula kwambiri chuma chikagwa, poti nthawi imeneyo ofuna ntchito amachuluka pamene ntchito zikuchepa. Pa 15 September 2008 banki yaikulu ya ku America, Lehman Brothers, idagwa, ndipo chuma cha dziko lonse lapansi chidagwedezeka. Mafakitale adachepetsa kugula zitsulo. Mkuwa, umene mu July chaka chomwecho unkagulidwa pafupifupi madola 9,000 pa tani, pofika mu December udali utatsika mpaka pansi pa madola 3,000. Kwa anansi athu a ku Zambia, amene chuma chawo chimadalira mkuwa, zimenezi zidali ngati chilala. M'tauni ya Luanshya mgodi udatsekedwa, ndipo anthu pafupifupi 1,700 adatsala manja lende. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthuwa amene adabwereketsa ndalama mosasamala ku New York. Adangodzuka tsiku lina n'kuuzidwa kuti ntchito yatha.

Taganizirani bambo mmodzi wa ku Luanshya m'miyezi imeneyo. Mnzake wapamtima adachotsedwa naye limodzi. Woyandikana naye nyumba ndi lova. Mlamu wake, amene ankagulitsa zinthu kwa anthu a pamgodi, watseka golosale. Onse amene amadya nawo mbale imodzi akudziwa zimene iyenso akudziwa, zoti kuno ntchito kulibe. Kodi munthu wotere ayambire pati?

Chopinga chake choyamba ndi manyazi. Kuchotsedwa ntchito kumamulanda munthu malipiro, komanso kumamulanda yankho la funso limene timafunsana tikangopatsana moni, loti mukugwira kuti masiku ano. Zimenezi zidaonekera bwino pa kugwa kwa chuma kwina kwakale, kwa m'zaka za m'ma 1930. M'mudzi wa Marienthal ku Austria fakitale ya nsalu idatsekedwa, mudzi wonse n'kusanduka wa malova. Akatswiri atatu, Marie Jahoda, Paul Lazarsfeld ndi Hans Zeisel, adafufuza moyo wa anthuwo ndipo adasindikiza zimene adapeza mu 1933. Adaona kuti anthu, ngakhale adali ndi nthawi yochuluka kuposa kale, adasiya kupita kumisonkhano ya magulu awo, adachepetsa kubwereka mabuku kulaibulale, ndipo abambo ankayenda pang'onopang'ono mumsewu ngati anthu osadziwa kolowera. Ulova umamutsekera munthu m'nyumba pa nthawi imene akufunika kutuluka. Choncho ndisanafike pa zolakwika za kudziwana, ndiyambe ndanena kuti lova amene wadzikakamiza kuvala malaya oyera n'kukagogoda pakhomo la mnzake wachita chinthu chofuna kulimba mtima. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nanga akagogode pakhomo la yani? Apa pali phunziro lodabwitsa lochokera kwa katswiri wina wa ku America, Mark Granovetter. Iye adafunsa abambo 282 a m'tauni ya Newton, pafupi ndi mzinda wa Boston, za mmene adapezera ntchito zawo, ndipo adafotokoza zotsatira zake mu 1973 ndi 1974. Anthu 56 pa 100 alionse adapeza ntchito kudzera mwa munthu wodziwana naye. Koma mwa amene adafunsidwa za munthu wowathandizayo, ndi 17 okha pa 100 amene ankaonana naye pafupipafupi. Otsalawo adathandizidwa ndi munthu amene ankakumana naye mwa apo ndi apo, ena mwina kamodzi pachaka. Mu 2022 ofufuza ena, atatsatira anthu oposa 20 miliyoni a pa LinkedIn kwa zaka zisanu, adapezanso kuti odziwana nawo patalipatali amathandiza kupeza ntchito kuposa abwenzi apamtima. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mnzako wapamtima amamva zimene iwe umamva, pamene munthu amene mudaphunzira naye kalekale n'kusamukira kwina amayenda m'njira zimene iwe suyendamo. Makolo athu adazidziwa kale zimenezi pamene ankati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tsono n'zoonekeratu kuti kufunsa kwa anthu ndi nzeru. Koma chinthu chikhoza kukhala chanzeru chili cholakwika, pakuti wakuba nayenso amakhala ndi nzeru zake. Wotsutsa akhoza kunena motere: malo a ntchito ndi amodzi, ofuna ndi mazana. Iwe ukalowa chifukwa wina wakutchula dzina, pali mtsikana wina wamasiye, wochokera kumudzi, amene adakhoza bwino kukuposa, adakongola ndalama ya basi ndi yojambulitsira masatifiketi, koma kalata yake siidatsekulidwe n'komwe. Iyeyo alibe malume mu ofesi iliyonse. Kodi nsima imene ukudyayo si yake?

Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo sindikufuna kuithawa. Ndaisinkhasinkha nthawi yaitali, ndipo ndapeza kuti mawu oti kudziwana timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zosiyana, zimene tiyenera kuzilekanitsa ngati mmene mayi amalekanitsira mphale, gaga ndi miyala m'lichero.

Choyamba ndi uthenga. Munthu amakuuza kuti kampani yakuti ikufuna okonza magetsi, makalata akulandira mpaka Lachisanu. Apa palibe amene watsekeredwa khomo. Wangokulozera njira, ndipo ukafika ukapikisana ndi anzako.

Chachiwiri ndi umboni. Munthu amauza olemba ntchito kuti uyu ndidagwira naye zaka zisanu ndi chimodzi, safika mochedwa ndipo ndalama sizisowa m'manja mwake. Umboni wotere, ukakhala woona, umathandiza kuti chilungamo chichitike. Pepala la sukulu silinena ngati munthu ndi wokhulupirika, ndipo mphindi makumi awiri za mafunso sizingaulule khalidwe la munthu. Mbiri yabwino ndi chuma chimene munthu adachikhetsera thukuta, ndipo kampani ikatsekedwa ndicho chokha chimene amatuluka nacho pageti. Kumuletsa kuchigwiritsa ntchito n'kumulanda kachiwiri.

Chachitatu ndi kukondera. Apa munthu amapempha kuti malo asalengezedwe, kapena alengezedwe mwachiphamaso mwini wake atadziwika kale, kapena kuti mafunso a mayeso amupeze usiku kunyumba. Wopempha zotere safuna kuti aonedwe bwino. Amafuna kuti ena asaonedwe. Mtsikana wamasiye uja amaberedwa pamenepa, ndipo ntchito yopezeka m'njira imeneyi ndi imene ine ndikuitcha yakuba. Pamwamba pake pali zonyansa zina zimene tonse timazimva: ntchito yogulidwa ndi ndalama, ndi ntchito imene mayi amauzidwa kuti ailipire ndi thupi lake.

Pali muyeso wosavuta wodziwira pamene munthu waima. Adzifunse ngati angathe kuimirira pamaso pa onse amene ankafuna malo omwewo n'kufotokoza mmene adawapezera. Angathe kunena popanda kugwetsa nkhope kuti mnzanga ndiye adandiuza za malowa, kapena kuti bwana wanga wakale adandichitira umboni. Koma sangathe kunena kuti mafunso ndidawaona dzulo lake. Chimene chimafuna mdima kuti chichitike chimadziulula chokha kuti n'chotani.

Vuto limafika pachimake pamene wopemphayo ndi mbale. Timati chibale ndi fupa, sichiola. Munthu amene ali pa udindo amalandira mafoni ochokera kumudzi, ndipo mayi ake omubereka amamukumbutsa kuti amene akumukana ntchitoyo ndi mwana wa munthu amene adamulipirira fizi. Akakana amatchedwa wodzikuza, woiwala kumene adachokera. Kodi umunthu sukumulamula kuti athandize wake? Yankho langa ndi lakuti munthu amapatsa zimene zili zake. Ngati golosale ndi yako, lemba mphwako, palibe angakutsutse, ndipo akaononga udzalira wekha. Koma malo a ntchito m'boma, kapena m'kampani ya eni ake, si nkhokwe yako. Iwe ndi wosunga makiyi chabe. Kutapa chimanga cha mudzi wonse n'kupatsa m'bale wako sikutchedwa kuolowa manja. N'chifukwa chake gawo 20 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limaletsa tsankho, kuphatikizapo lotengera mtundu wa munthu kapena kumene adachokera, ndipo mu 1995 padakhazikitsidwa lamulo lolimbana ndi ziphuphu limene lidabala bungwe la Anti-Corruption Bureau. Umunthu umene umathera pa malire a banja ndi wopunduka, pakuti mwambi womwewo wa makolo umati mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'bale wako mthandize ndi zako: mgoneke pakhomo pako, mkonzere kalata yake, mpatse ya basi, muuze kumene kwatuluka malo. Zimenezi ndi zambiri, ndipo palibe amene waberedwa.

Komabe sindingabise kuti ngakhale uthenga ndi umboni sizigawika mofanana. Mwana wa mphunzitsi wamkulu amamva za malo a ntchito asanamve mwana wa mlimi, ngakhale pasakhale wina wochita chinyengo. Kodi pamenepa tinene kuti lova asiye kufunsa mpaka dziko litalungama? Ana ake adzagona ndi njala, ndipo mwana wa mlimi uja sadzapindula kanthu. Katundu wokonza kusalinganaku sayenera kusenzetsedwa munthu amene wagwa kale. Mwini wake ndi amene akadali pantchito, chifukwa uthenga uli m'manja mwake. Iye akamva za malo, asangonong'oneza a pabanja pake. Alengeze kumpingo, atumize m'magulu a pa WhatsApp, auze mlonda wa pageti ndi mayi wosesa mu ofesi, amene nawonso ali ndi ana ophunzira. Akamupempha umboni, anene zoona, ndipo achitire umboni wakhama aliyense amene adamuona akugwira ntchito, kaya ndi wa chigawo chiti. Lova akamuimbira foni, ayankhe. Ngati palibe chimene angachite, anene choncho mwaulemu, m'malo momuyendetsa munthu miyezi itatu ndi mawu oti bwerani mawa, mpaka nsapato kutha. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, pakuti kugwa kwa chuma sikuyang'ana nkhope. Kuno kwathu anthu a pa mgodi wa Kayelekera ku Karonga adazionanso mu 2014, mtengo wa yureniyamu utatsika ndipo ntchito yokumba itaimitsidwa.

Ena amadandaula kuti anthu ofuna ntchito amasandutsa anzawo makwerero, amangokukumbuka akavutika. Kudandaulaku kuli ndi maziko. Alipo anthu amene moni wawo amaupima potengera udindo wa womupatsayo, ndipo ukapuma pantchito nambala yako amaifufuta. Koma tisaiwale mmene makolo ankalimira pa dima. Munthu ankaitana mudzi kudzamuthandiza m'munda mwake popanda manyazi, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mawa khasu lomwelo lidzalima kwa wina. Chimene chinkanyozeka ndi kuitana anthu kumunda kwako koma iwe osaoneka kwa anzako. Wopeza ntchito kudzera mwa anthu ali ndi ngongole, ndipo ngongole imeneyo sabweza kwa womuthandiza yekha. Amaibweza kwa lova wotsatira amene adzagogode pakhomo pake, makamaka amene alibe wina womudziwa.

Mgodi wa ku Luanshya udagulidwa ndi kampani ya ku China mu 2009, ndipo ntchito idayambanso. Chuma chimagwa n'kudzukanso, mitengo imatsika n'kukweranso. Chimene chimatsalira nthawi yaitali m'mitima ya anthu ndi mmene adachitirana pa nthawi ya msautso: amene adayankha foni, amene adanena zoona, ndi amene adatseka khomo kuti alowetse wake pawindo. Choncho kwa amene wachotsedwa ntchito ndikuti tulukani, funsani, lemberani ngakhale anthu amene mudaonana nawo kalekale. Pemphani kuti akuuzeni kumene kuli khomo, ndiponso kuti anene zoona za inu. Musapemphe kuti akutsekerereni ena kunja. Ntchito yopezeka motero ndi yanu ndithu, ndipo malipiro ake mukhoza kudya masana anthu akuona.